Ulusi Wachikasu M'njerwa

Chulu chinali kumapeto kwa munda wa Febian, pafupi ndi mtengo wa msekese, ndipo anthu a ku Nyampande ankati chimakula mwamwano. Pamene Febian ndi mkazi wake Virginia ankafika kuchokera ku Katete kudzafuna malo olima, kanali kachulu kolekeza m'mawondo, kokwerapo ana a mbuzi. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri chinali chitapitirira denga la nyumba yawo yaudzu, chofiira, cha nsonga zitatu. Zulu zina m'minda ya anzawo zinkakula mwaulemu, pang'onopang'ono. Ichi chokha chinkaoneka ngati chili ndi chimene chikudya.

Virginia ankachikonda chulucho osadziwa chifukwa chake. Akatopa kupalira ankakakhala m'munsi mwake, n'kuika dzanja pa kabowo kena ka m'mbali. Pakabowopo pankatuluka mpweya wofunda, wachinyezi, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene mphepo imang'amba milomo. Unkatuluka, n'kuleka, n'kutulukanso. Sanauzepo munthu za zimenezi, poti mkazi wopanda mwana akayamba kucheza ndi chulu anthu sachedwa kumupezera dzina.

Mwana anali atakhalapo, kapena tinene kuti anatsala pang'ono kukhalapo. Chaka chawo chachiwiri ku Nyampande, mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu, matenda anamuyamba Virginia mvula itadula msewu. Pamene ng'ombe zinkamangidwa pangolo zonse zinali zitatha kale. Mwana anabadwa wamkazi, wathunthu, wa tsitsi lambiri, koma sanalire. Mwana wotere amatchedwa nthayo, ndipo nthayo ili ndi malamulo ake. Saliridwa maliro, sapatsidwa dzina, sapita kumanda a anthu onse. Amuna sayandikira. Amayi awiri amamukulunga, n'kukamuika m'dzenje losaya kumalo odziwa iwo okha, ndipo mayi wa mwanayo sauzidwa, chifukwa amati akadziwa azikalirako, misozi n'kumutseka mimba.

Amene anamunyamula anali amake Wendy, oyandikana nawo nyumba, ndi mayi wina amene anamwalira chaka chotsatira. Akutuluka pakhomo Virginia anawafumbatitsa kachipewa kachikasu kamene analuka yekha ndi ulusi wogula ku Petauke, n'kuwapempha kuti amuveke. Kenako anamvera mwambo wonse osasiyako. Sanalire mokweza, sanafunse m'njira, sanatchule dzina limene anali atasunga mumtima. Mimba inatsekabe. Chaka chilichonse mvula ikayamba ankawafunsa amake Wendy motsitsa mawu, ndipo yankho silinkasintha: "Mwana ali bwino pamene alili. Osafunsa, mwana wanga." Kusadziwa kumeneko n'kumene kunkamudya. Ankayenda m'tchire la kumeneko mopepuka mapazi, poopa kuti mwina akuponda pamutu pa mwana wake.

Febian anali munthu wabwino, koma wa mtundu uja wa amuna amene akaganiza chinthu makutu amapita kutchuthi. Chaka chachisanu ndi chiwiricho soya anamuyanja, anagula malata, ndipo malata akafika pakhomo mwamuna sagonanso tulo mpaka aone khoma lanjerwa. Dothi loumbira sanavutike kulifuna. Aliyense amadziwa kuti njerwa ya pachulu ilibe inzake, chifukwa chiswe chinalikanda kale dothilo ndi malovu ake, kambewu kamodzikamodzi, kulichotsa kuya kumene khasu silifika.

Amake Wendy atamva anabwera m'mawa, mpango uli pambali, mpweya uli m'mwamba.

"A Febian, chulu chija chilekeni. Muli njoka ikulu maningi."

"Njoka izathawa ikamvela piki, amai."

"Dothi yake si yabwino. Pitani ku chulu cha m'munda wa a Eustace, anakuuzani kale kuti mungakumbe."

"Kuja ni kutali. Ng'ombe zizafa na kudonsa ngolo."

Amake Wendy anayang'ana Virginia, n'kuyang'ana pansi. Anali mayi wa pakamwa, wogulitsa tomato, amene sankasowa chonena ngakhale kwa abusa, koma tsiku limenelo lilime linawalemera. Nkhani ya nthayo siuzidwa mwamuna, ndipo mayi wake anali chiimire pomwepo. Anangoti, "Nili kupita ku Nyimba, Wendy wabeleka. Musayambe mpaka nikabwele, tizakamba." Febian anavomera ndi mutu monga amavomerera amuna, kutanthauza kuti wamva phokoso. Mwezi unali wa Okutobala, mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo, ndipo njerwa yosawotcha siyanjana ndi mvula. Basi ya ku Nyimba isanafike n'komwe iye anali ataimbira kale foni munthu wokumba.

Munthuyo anali a Whiteson a ku Kacholola, wamfupi, wa manja ngati mizu, amene anathera moyo wake akugwetsa zulu. Atafika sanathamangire kukumba. Anachizungulira chulucho kawiri, n'kuchigogoda ndi mpini wa piki, n'kugunditsa khutu. Virginia, amene anabweretsa madzi akumwa, anamva nayenso. M'kati munayamba phokoso louma, tswatswatswa, ngati mapira akuthiridwa m'lichero, kuyambira pansi kukwera mpaka kunsonga. Kenako zii.

"Atimvela," anatero a Whiteson. "Ni asilikali aja a mitu ifiila, amenya mitu pachipupa kuuza anzao kuti kwabwela alendo. Ichi ni chamoyo maningi, bambo. Mukaona mphepo ichoka yofunda so, ni kuti pansi pali mudzi ukulu. Chipuma monga ise."

Anayamba mbali ya kumsekese, m'munsi. Piki inkadumpha ngati ikumenya simenti, koma chikhokho chakunja chitasweka, m'kati munaoneka misewu yosalala, ina yolowa chala, ina yolowa mkono wonse, yokhotakhota kupita kumdima. Munali zipinda zokhala ndi zisa zofewa zotuwa, zonunkha bowa. A Whiteson anati imeneyo ndi minda yawo: amatafuna udzu ndi mitengo, kuziunjika mmenemo, bowa n'kumera, iwo n'kumadya. Chiswe chinakhuthuka mbuu, choyera, chopanda maso, chilichonse chitanyamula dzira kapena kamwana kuthawira pansi.

Dothi analiponda ndi madzi a kudambo, kulithira m'chikombole, ndipo pofika madzulo mizere ya njerwa inali itandandalikidwa pabwalo losesa, mapazi makumi atatu kuchokera pachulu. Febian ankayenda pakati pa mizereyo manja ali kumbuyo, akuloza pamene padzakhale chipinda chogona.

M'mawa mwake bala lonse la pachulu linali litatsekedwa. Pamene anakumba dzenje lolowa munthu panali khoma latsopano, lakuda, lonyowa, la timabulubulu, pakati pa Okutobala pamene ngakhale chitsime cha kusukulu chinali chitauma.

"Madzi ayatenga kuti?" anafunsa Febian.

"Pansi, kutali kwamene imwe simungafike. Abwela nayo m'kamwa, kadontho kadontho." A Whiteson analavulira m'manja. "Tizakumba lelo, mailo m'mawa muzapeza atseka futi. Mpaka tichotse make. Make chiswe akachoka, mudzi wafa. Mukamusiya, azakulondolani mpaka m'nyumba yanu yatsopano, kudya zitseko na mabuku ya kuchechi."

Anakumbanso tsiku lonse, kulowera pakati.

Tsiku lachitatu Virginia ndi amene anayamba kufika, dzuwa litangotuluka, kudzavundukula udzu umene anafunditsira njerwa. Anaona kamzere kadothi, konenepa ngati chala, kochokera m'munsi mwa chulu. Kanadutsa bwalo lonse mowongoka ngati kajambulidwa ndi chingwe. Kanadutsa mulu wa udzu wouma osaukhudza. Kanadutsa mpini wa fosholo umene unagona panjira. Kanalambalala mzere woyamba wa njerwa, wachiwiri, wachitatu, n'kukathera pakati pa mzere wachinayi. Pamenepo njerwa zisanu ndi imodzi zinali zitakutidwa ndi chikhokho chopyapyala chadothi, bwinobwino, m'mbali ndi pamwamba, monga mmene mayi amafunditsira mwana kuti mphepo isalowe.

Amuna atafika anawerama kuyang'ana. A Whiteson anakanda m'mutu n'kunena kuti mwina m'njerwazo munalowa mizu yokoma, koma ananena akuyang'ana kumbali, ndipo anafulumira kutenga piki kupita kuchulu. Febian anawatsatira.

Virginia anagwada n'kuboola chikhokhocho ndi chala. Pansi pake chiswe chinali chitadzaza, koma sichinkadya kanthu, ndipo sichinathawe kuwala monga chimachitira. Chinangoima, mitu yonse italoza kumodzi. Pakona ya njerwa imodzi panatuluka kanthu kopotana. Anakagwira ndi zikhadabo n'kukoka, ndipo kanabwera, kotalika ngati dzanja, kodzaza dothi. Anakapukuta pa chitenje. Kanali kaulusi kachikasu, kopindikapindika monga umakhalira ulusi womasuka pa choluka.

Anadziwa, koma mtima umafuna kumva ndi khutu. Anapita kuseri kwa nkhokwe kumene foni imagwira, n'kuimbira ku Nyimba. Kumbuyo kwa mawu a amake Wendy kunkamveka khanda likulira.

"Amai, ayamba kukumba."



"Mbali iti?"

"Ya kumsekese."

"Ninawauza kuti aniyembekeze," anatero amake Wendy, mawu atatsika. "Ninawauza."

"Napeza ulusi m'njelwa. Niuzeni chabe, amai. Zaka zonse izi namvela. Mimba imene munali kuiteteza ilibe kanthu. Niuzeni lomba."

Anamva mayiwo akupuma. "Kanali kachulu kang'ono nthawi ija. Tinamuika m'munsi mwake, chifukwa pachulu galu sakumba, fisi sakumba, chiswe chimatseka msanga. Tinamuveka kachisote kako monga unakambila. Sitinadziwe kuti chizakula so, mpaka kumukwilila pakati. Nikapita pafupi nimayang'ana kumbali." Anaima pang'ono. "Kwa mwamuna nikanakamba bwanji, iwe uli pamenepo?"

Virginia anatsitsa foni. Anali atayamba kale kuyenda, kenako kuthamanga, minga ya m'munda ikumubaya osaimva. Zaka zisanu ankafuna malo amenewa, kumachita kuwasuzumira m'tchire, pamene masana aliwonse ankakhala chotsamira pomwepo, dzanja lili pa mpweya wake.

Anapeza amuna ali m'dzenje lolekeza pachifuwa, chulu chitang'ambika pakati ngati dzungu. Phokoso lija linali litadzaza paliponse, tswatswatswa, pansi pa mapazi, m'makoma a dzenje, losalekeza. Miyendo ya Febian inali magazi okhaokha polumidwa ndi asilikali, koma ankaseka.

"Bwelani muone, Virginia, tamupeza."

A Whiteson anatulutsa chibuma cholimba, chachikulu ngati buledi, chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali. Anachiika pansi, n'kuchimenya pang'ono ndi msana wa chikwanje, ndipo chinatseguka pakati. M'katimo munali kachipinda kosalala ngati kopaka mafuta. Make chiswe anali atagona mmenemo, woyera, wonenepa, wotalika kuposa chala chapakati, kamutu ndi timiyendo tili kumapeto ngati zoiwalika. Thupi lonse linali mimba, ndipo mimbayo inkayenda yokha, kufufuma ndi kuphwa, kuyambira kumutu kutsikira kumchira. Kumchirako timazira tinkatuluka kamodzikamodzi, ngakhale pamenepo padzuwa, ndipo ana ake ankatilandira n'kumazungulira nato kusowa kopita.

"Analowa ali mung'ono, anamumangila mukati," anatero a Whiteson. "Sangachoke, pakhomo ni pang'ono. Nchito yake ni kubala chabe, zaka na zaka. Nkhuku zanu zizakondwela lelo."

Virginia sankayang'ana make chiswe. Pambali pa chibumacho panamatirira china chocheperapo, chobulungira ngati chipatso cha mteme, chomatidwa mosalala kuposa china chilichonse m'chulumo. Piki inali itachibenthula pang'ono, ndipo pobenthukapo pankalendewera ulusi.

Anagwada, n'kuyamba kubenthula ndi zala. Dothi linkachoka ngati chikhokho cha dzira. Kachipewa kanatuluka kali chiimire, kobulungira, kosaphwanyika, ngati kamutu kakadali momwemo. M'mphepete munali mutamasuka mizere ingapo pamene piki inakoka. Kwina konse kanali monga anakalukira, ndi pamene analakwitsa n'kubwereza, pafupi ndi kampira kapamwamba. M'kati munalibe kanthu, koma munali mofunda.

"Chimene sangadye amachimata," anatero a Whiteson pang'onopang'ono. "Chitenje adya, mphasa adya. Koma ulusi wa m'sitolo..." Anali munthu wamkulu, anali ataona zambiri m'zulu, ndipo anavula chipewa chake.

Febian anayang'ana kachipewako, n'kuyang'ana mkazi wake. Anali atakaonapo, kalekale, pa miyendo ya Virginia madzulo ena amvula, singano zikugundana.

Mawu amenewa mkazi sauza mwamuna, makamaka pamaso pa mlendo. Virginia anawanena.

"Mwana wanu ali umu, a Febian. Apa ni pamene anamuika."

Febian anakhala pansi pomwepo m'dzenjemo, chiswe chikumukwera. Anafunsa ngati pali mafupa oti atole. A Whiteson anapukusa mutu, nati mafupa a mwana wotere ndi ofewa, anabwerera kudothi kalekale, ndipo dothi la m'chulu silikhala pamodzi: amalinyamula, kulikweza, kumangira apa, kumatira apo. Onse atatu anatembenuka n'kuyang'ana pabwalo, pamene mizere ya njerwa inkauma padzuwa, ndi mulu wa zikuni zimene Febian anadula kuti Loweruka awotche uvuni.

"Mubwezeni," anatero Virginia, akuloza make chiswe.

"Amai, akaona dzuwa kambili sakhala."

"Mubwezeni chabe. Anisungila mwana zaka zonse izi pamene ine sininadziwe na malo."

A Whiteson sanatsutse. Anatseka chibumacho mbali ziwiri mosamala, n'kuchitsitsira pamene anachichotsa. Virginia anagwira kachipewa kanthawi, kukafikitsa pamphuno. Kankanunkha bowa ndi mvula yoyamba. Mtima unkamuuza kuti akatenge, akabise m'sutikesi pansi pa zovala za kutchalitchi, koma anaona kuti kunja kuno kazizira msanga. Anatsikira m'dzenje n'kukaika pambali pa chibumacho.

Phokoso lija linaleka. Silinachepe pang'onopang'ono, linangoduka, moti anamva njiwa ikulira kudambo ndi mpweya wa Febian. Kenako m'mabowo onse munayamba kutuluka chiswe, mizere mizere, chilichonse chili ndi kadothi konyowa kukamwa. Chinayambira pa kachipewa. Anaimirira akuyang'ana chikasu chija chikuchepa, mpaka chinatsala ngati njere ya chimanga, kenako osaonekanso.

A Whiteson anatola piki ndi fosholo yawo, nati za ntchito adzakamba tsiku lina, ndipo anapita osamwa madzi.

Pabwalo Virginia anaima pa njerwa zisanu ndi imodzi zija. Anati zimenezi zokha zibwerere kuchulu, zina amangire, poti malata anagula kale ndipo mvula ili pafupi. Febian anayang'ana mizere yonse, ya dzana ndi ya dzulo, ntchito imene inamusupula manja.

"Tizadziwa bwanji kuti mu zinazi mulibe?" anatero. "Ningamuike pamoto mwana wanga? Zonse zibwelele."

Ngolo Febian anaikana, anati imagwedeza. Ananyamula njerwa ziwiri n'kuzigwirizira pachifuwa. Virginia anatenga ija ya ulusi. Anayesa kuisenza pamutu monga amasenzera chilichonse, koma manja anakana. Anamasula chitenje chapamwamba, anawerama, n'kuiika njerwayo kumsana, n'kukokera chitenje pansi pa mkhwapa ndi paphewa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Sanaberekepo mwana kumsana chiyambire, koma manja anadziwa okha. Njerwayo inali itawothera dzuwa kuyambira m'mawa, ndipo kufunda kwake kunalowa m'bulauzi mpaka pakhungu. Kulemera kwake kunali komweko kumene ankakuganizira zaka zonsezi. Apa ndi pamene analira, mokweza, pakamwa pali yasa, maliro amene anamuletsa.

Febian anamudikira mpaka atatha. Kenako anafunsa, osamuyang'ana kumaso, ngati anali atamuganizira dzina.

"Tisunge," anatero Virginia.

Febian anayesa dzinalo pakamwa popanda mawu. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda, ndipo njerwa zinalipo zambiri.

"Tiyeni, amake Tisunge," anatero. "Tim'peleke mvula isanabwele."